Zida za airsoft: yambirani kumaso, mfuti ibwere pambuyo

Airsoft ndi masewera omwe magulu amawomberana ndi mfuti zooneka ngati zenizeni, koma zotulutsa timipira tapulasitiki ta mamilimita 6 totchedwa BB. Anayambira ku Japan m'zaka za m'ma 1970, ndipo anafalikira kwambiri kampani ya Tokyo Marui itayamba kupanga mfuti zoyendera batire kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Masiku ano mabwalo ake ali ponseponse ku Britain, ku America, ku Ulaya ndi ku South Africa. BB siisiya utoto pamalaya, choncho amene yamukhudza amafuula yekha kuti "hit", n'kukweza dzanja, n'kutuluka. Masewerawa amaima pa chilungamo cha wosewera aliyense.

Woyamba kumene, mtima umathamangira mfuti ndi vesiti yodzaza matumba. Ndalama zonse zikathera kumeneko, amatola magalasi otchipa amene awapeza pafupi, n'kupita kubwalo atavala nsapato zoyendera m'tauni. Ndondomeko yabwino ndi yotembenuza zimenezi: maso, mano, mapazi, kenako mfuti ndi batire lake, magazini (zosungiramo BB zolowetsa mu mfuti), ndipo zonyamulira zibwere komalizira. Mfuti yoipa ingakuwonongereni tsiku limodzi. Diso likaphulika silimeranso.

Musanagule kanthu, funsani bwalo

Bwalo lililonse lili ndi malire a mphamvu ya mfuti, ndipo m'mawa mfuti iliyonse imayesedwa pa makina otchedwa chrono. Mphamvuyo imawerengedwa m'ma joule, ngakhale osewera ambiri amatchula fps, kutanthauza mafiti amene BB ikuthamanga pa sekondi. BB ya magalamu 0.20 ikamathamanga mamita 100 pa sekondi, omwe ndi 328 fps, mphamvu yake ndi joule imodzi. Mabwalo ambiri a ku Britain amalola 350 fps pa mfuti zowombera motsatizana, pafupifupi 1.14 joule, ndi 500 fps pa mfuti zokoka ndi dzanja kuwombera kulikonse, koma zoterezi saloledwa kuwombera nazo munthu amene ali pafupi, kawirikawiri mamita osakwana 30. Lamulo la dzikolo, kuyambira 2017, limaika malire pa 1.3 joule kwa mfuti yowombera motsatizana ndi 2.5 joule kwa yotulutsa BB imodziimodzi. Ku Japan malire ndi 0.98 joule. Mfuti yogulidwa kudziko lina ikhoza kufika ili ndi sipuling'i yopitirira malire a bwalo lanu, ndipo tsikulo mudzangokhala woonerera.

Nkhani ya malamulo siithera pa mphamvu pokha. Ku Britain, lamulo la Violent Crime Reduction Act la 2006 limaletsa kugulitsa mfuti yofanana ndi yeniyeni kwa munthu wopanda chifukwa chovomerezeka. Wogula akhale wa zaka 18 kapena kuposerapo, ndipo njira yodziwika ndi kulembetsa m'kaundula wa UKARA, bungwe la ogulitsa mfuti za airsoft m'dzikolo, mutasewera katatu pabwalo limodzi m'nyengo yosachepera miyezi iwiri. Amene sanalembetse amagula mfuti yopakidwa utoto wowala kupitirira theka la thupi lake. Ku South Africa, lamulo la Firearms Control Act la 2000 limati kuloza munthu ndi chinthu chimene iye angachiyese mfuti, popanda chifukwa chomveka, ndi mlandu. Ngati mukuganiza zotenga mfuti ya airsoft popita kumudzi ku Malawi, ku Zambia kapena ku Mozambique, funsani apolisi ndi a pachipata musananyamuke, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa. Wapolisi wa pa rodibuloko akatsegula chikwama amaona mfuti, saona choseweretsa.

Maulendo awiri kapena atatu oyamba, bwerekani zida pabwalo pomwepo. Mudzadziwa ngati mumakonda kusewera m'nkhalango kapena m'nyumba, ndipo zida za malo awiriwa zimasiyana.

Maso

Apa ndiye pofunika kudekha. Fufuzani chizindikiro chodindidwa pa galasi komanso pa felemu yake, osakhutira ndi mawu a pa katoni. Ku Ulaya muyeso umene wakhala ukudindidwa pa magalasi ambiri ndi EN 166, ndipo chilembo chotsatira ndicho chimanena zonse. F amatanthauza kuti galasi linapirira kampira kachitsulo ka mamilimita 6, kolemera magalamu 0.86, kothamanga mamita 45 pa sekondi. Mukawerengetsa, mphamvuyo siikwana joule imodzi, pomwe pabwalo pali mfuti zopitirira ma joule awiri. B amatanthauza mamita 120 pa sekondi, kupitirira ma joule asanu ndi limodzi. Gulani B. Muyeso wa ku America ndi ANSI Z87.1, ndipo pakhale chizindikiro cha + pambuyo pa Z87. Olembedwa MIL-PRF-32432 anayesedwa pa muyeso wa asilikali.

Chachiwiri ndi kutseka. BB imabwerera ikagunda khoma kapena mtengo, ndipo imalowa cham'mbali kapena kuchokera pansi. Valani magalasiwo, yendetsani chala m'mphepete monse: pamphuno, pamasaya, m'mbali mwa maso. Pamene nsonga ya kachala kakang'ono ikulowa, BB ilowanso. N'chifukwa chake magalasi okhala ndi siponji kapena labala wozungulira, omangidwa ndi lamba wa kumutu, amaposa okoleka m'makutu, omwe amagwanso mukamathamanga. Magalasi a dzuwa, a njinga yamoto ndi a kuchipatala si chitetezo. Amene amavala magalasi a kuchipatala agule aakulu ovala pamwamba pake, kapena okhala ndi kafelemu ka mkati koikamo magalasi a muyeso wa maso awo.

Pali ena a waya wolukana ngati sefa. Sachita nthunzi, n'chifukwa chake amakopa anthu, koma BB ikasweka pa wayayo tizidutswa timapyola, pamodzi ndi utoto woyoyoka. Mabwalo ena amawakaniratu. Ife sitimalangiza munthu kuwavala okha.

Nthunzi ndiyo mdani wamkulu, chifukwa ndiyo imanyengerera munthu kuvula magalasi pakati pa masewera. Imabwera mpweya wofunda ndi wonyowa, wochokera ku thukuta ndi m'kamwa, ukakhudza galasi lozizira. Magalasi apawiri, okhala ndi kampata ka mpweya pakati, amachepetsa kwambiri vutoli. Chipewa kapena helemeti isatseke timabowo ta pamwamba pa felemu, chifukwa mpweya wofunda umatulukira pamenepo. Nsalu yophimba pakamwa imakankhira mpweya m'mwamba kulowa m'magalasi, choncho masiki yawaya ndi yabwinopo. Pakani mankhwala oletsa nthunzi usiku wake ndi m'mawa, pa galasi loyera ndi louma. Amene amatuluka thukuta kwambiri athandizidwa ndi magalasi okhala ndi kafani ka batire. Musapukute galasi ndi petulo, thinazi kapena mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo: amafooketsa pulasitikiyo, ndipo imadzasweka tsiku limene mukuidalira. Magalasi akachita nthunzi mpaka osaona, kwezani dzanja, itanani woyang'anira masewera akuperekezeni kumalo opumira. Musawavule ngakhale kwa sekondi imodzi. Tsoka silinunkha. Galasi limene lang'aluka kapena lakumbika ndi BB litayeni.

Mano, manja, mapazi ndi zovala

BB imathyola dzino lakutsogolo mosavuta, ndipo mtengo wa dokotala wa mano ungagule masiki zambirimbiri. Masiki yawaya yophimba mphuno, pakamwa ndi masaya ndiyo yofala. Ikangofika, ipindeni ndi manja pang'onopang'ono mpaka igwirane ndi nkhope, makamaka tsaya limene mumagoneka pa mfuti. Pakati pa waya ndi milomo pakhale kampata, chifukwa waya wokhudza mlomo amapereka nkhonya yonse ku dzino. Yokhala ndi nsalu yofewa m'masaya ndi waya pakamwa pokha imalola kugoneka tsaya bwino. Mabwalo ambiri amafuna kuti osakwana zaka 18 aphimbe nkhope yonse.

Ngozi yofala pabwalo ndi kubinya mwendo pa mizu, maenje ndi njerwa zosweka. Valani jombo zokwera kupitirira kakolo, zokhala ndi mapazi ogwira bwino dothi. Siziyenera kukhala za asilikali, zoyendera m'mapiri zimakwanira, ngakhale za pa kaunjika malinga ngati pansi pake sipanathe. Zatsopano muyende nazo masiku angapo musanapite nazo kubwalo, apo ayi matuza akutulutsani masewera asanafike pakati. Magolovesi akhale opyapyala kuti chala chizimva tiriga, koma okhala ndi labala pa mfundo za zala, poti BB ya pachala imapweteka kuposa ya pamsana. Zotchinga mawondo zoloweka m'thalauza sizitsetsereka ngati zomanga ndi malamba.

Malaya a manja aatali ndi thalauza lolimba, zobiriwira kapena zakhaki, n'zokwanira. Yunifomu yamawangamawanga si lamulo la masewera. Ku Zimbabwe munthu wamba saloledwa kuvala nsalu ya mawanga a asilikali, ndipo kulikonse n'kwanzeru kuinyamula m'chikwama n'kukavalira pabwalo. Mabaji a maudindo a asilikali amene simunawagwirire ntchito asiyeni.

Mfuti yoyamba ndi batire lake

Mfuti zilipo zoyendera batire, zotchedwa AEG, za gasi, za mpweya wa m'thanki, ndi za sipuling'i yokoka ndi dzanja. Yoyamba ikhale AEG, ndipo ya mtundu wa M4 ndiyo ili ndi zipangizo ndi magazini opezeka paliponse, mwakuti yanu ikakanika mnzanu akhoza kukubwerekani. Mkati mwake mota imazunguza magiya atatu, magiya amakokera pisitoni kumbuyo, sipuling'i n'kuikankhira kutsogolo, mpweya n'kutulutsa BB. Sankhani yosintha sipuling'i popanda kutsegula giyabokosi, kuti chrono ikakukanani mukonze mu mphindi zochepa. Thupi la pulasitiki yolimba ya nayiloni limapepuka ndipo limaposa chitsulo chotchipa, chomwe chimangothyoka. Mfuti yaitali yokoka ndi dzanja imakopa maso, koma kuti iwombe kutali ndi molunjika imadya ndalama zambiri, ndipo woyamba kumene amangokhala chandamale cha anzake.

Mabatire ofala ndi NiMH a 8.4V ndi 9.6V, ndi LiPo a 7.4V ndi 11.1V. Yambani ndi LiPo la 7.4V. La 11.1V limathamangitsa mota kwambiri: pa mfuti yopanda MOSFET, kachipangizo kamagetsi koteteza tiriga, moto umathetheka pa tizitsulo ta tiriga mpaka tipse, ndipo ngati sipuling'i ndi yofewa, giya limakumana ndi pisitoni isanabwerere pamalo pake, mano ake n'kuguluka. Yesani malo oika batire ndi rula musanagule, chifukwa ena ndi ndodo imodzi, ena ndi ogawika pawiri kapena patatu. Kuchuluka kwa moto umene batire limasunga kumayesedwa mu mAh, ndipo osewera amawerengera kuti 1 mAh imatulutsa pafupifupi BB imodzi, choncho mabatire awiri a 1450 mAh amafikitsa tsiku. Chiwerengero cha C cholembedwa pa batire chimanena mphamvu imene batire lingatulutse nthawi imodzi: 1450 mAh pa 20C ndi maampu 29, okwanira mfuti yosasinthidwa mkati.

Pulagi ya mini Tamiya imakhwepa n'kumatentha, ya Deans imagwira bwino. Mukamasintha pulagi ya batire, dulani waya mmodzi, muwotcherere, mumuphimbe, kenako mudule winayo. Kudula onse awiri pamodzi ndi pulayazi ndi kuyatsa moto m'manja. Onaninso mitundu ya mawaya musanalumikize, poti mini Tamiya ya airsoft imalumikizidwa mosemphana ndi ya tigalimoto ta rimoti.

LiPo silisekedwa. Litchajidwe ndi tchaja yolinganiza maselo, zigawo za mkati mwa batire, pa 1C, kutanthauza maampu 1.4 pa batire la 1450 mAh. Selo yodzaza imafika 4.2V. Mfuti ikayamba kulira mwaulesi, sinthani batire pomwepo, chifukwa selo yotsika kupitirira 3.0V imawonongeka. Tchajani mulipo, batire lili m'thumba losapsa ndi moto kapena pa simenti, kutali ndi bedi ndi makatani. Lofufuma kapena lobooka musalitchajenso. Pa ndege, mabatire apadera amayenda m'chikwama cha m'manja, mapulagi atamatidwa ndi tepi.

Kabasitolo ka gasi ndi kosangalatsa koma kangadikire. Gasi wotchedwa green gas ndi propane wosakaniza ndi mafuta a silikoni, ndipo amafooka kukazizira, pomwe padzuwa lotentha mphamvu yake imakwera. Chitini chake chisakhale m'galimoto yotsekedwa masana.

BB ndi hop-up

Mfuti yabwino yokhala ndi BB zoipa ndi mfuti yoipa. Zija za magalamu 0.12 zobwera m'katoni zitayeni: zimakhala ndi msoko, zimasweka mumpope wa mfuti. Za 0.20 ndi za m'nyumba ndi zoyesera pa chrono. Panja, pa mfuti ya joule imodzi, gwiritsani ntchito 0.25 kapena 0.28, chifukwa yolemererapo imasunga liwiro lake ndipo mphepo ndi masamba siziipatutsa msanga. Dziwani kuti malire a fps amatsika BB ikalemera: 1.14 joule ndi 350 fps pa 0.20, koma ndi pafupifupi 313 pa 0.25 ndi 296 pa 0.28. Mfuti zina, makamaka za gasi ndi za mpweya wa m'thanki, zimatulutsa mphamvu yochulukirapo ndi BB yolemera, n'chifukwa chake kuyesa koona ndi kwa BB imene musewerere. Mabwalo ambiri a m'nkhalango amafuna BB zowola m'dothi. Izi zisungeni m'botolo lotseka chifukwa zimayamwa chinyezi. Yagwa pansi musaitolenso.

Hop-up ndi kalabala ka poyambira mpope kamene kamakhudza BB pamwamba n'kuizunguza chambuyo. Kuzungulirako kumainyamula, n'kupita kutali isanagwe. Pa M4, kokani chogwirira cha kumbuyo, kachitseko ka kudzanja lamanja katseguka, muona kagudumu. Pezani malo a mamita 40 kapena kuposerapo, tsiku lopanda mphepo, magalasi ali kumaso. Bwezerani kagudumu mpaka poyambira, muwombere kamodzikamodzi: BB igwa msanga. Zunguzani pang'ono, muwombere katatu, mubwereze choncho. BB ikayamba kukwera m'mwamba kumapeto kwa ulendo wake, mwapitirira, bwezerani pang'ono mpaka iziyenda mowongoka kenako n'kugwa. Mukasintha kulemera kwa BB, ntchitoyi muiyambirenso. Powombera mfuti isapendeke, chifukwa ikapendekera kumanzere, BB nayo imakhotera kumanzere.

Hop-up yothina kwambiri imatseka njira. Mukamva mfuti ikulira mogonthera koma osatulutsa kanthu, siyani tiriga nthawi yomweyo. Mpweya ukasowa potulukira, pisitoni imachedwa kubwerera ndipo magiya amaitafuna. Chotsani magazini ndi batire, masulani hop-up yonse, kankhirani BB kumbuyo ndi kandodo kapulasitiki kuchokera kukamwa kwa mpope.

Magazini

A hi-cap amanyamula BB 300 kapena kuposerapo, koma amafuna kupukusa kagudumu ka pansi, ndipo amachita phokoso ngati chisekese mukamayenda. A mid-cap amanyamula pakati pa 120 ndi 190, sachita phokoso, ndipo amadzazidwa ndi kachida kotchedwa speedloader. A mid-cap anayi kapena asanu amakwanira gemu ya ola limodzi. Gulani imodzi kaye muiyese, chifukwa si magazini onse a M4 amene amalowa bwino mu M4 iliyonse. Yogwedera imadumphitsa BB, ndipo kachidutswa ka tepi m'mbali kamatha vutolo. Chiwerengero cha magazini ndicho chikuuzeni zonyamulira zoti mugule, n'chifukwa chake zimabwera pambuyo.

Zonyamulira ndi kaikidwe ka matumba

Njira zilipo zitatu. Lamba wa m'chiuno amaika katundu pachiuno, chifuwa n'kumapuma bwino. Chest rig ndi kachikwama ka pachifuwa ka malamba a m'mapewa, kopepuka ndi kotchipa, ndipo ndi kamene timalangiza woyamba kumene, makamaka kumalo otentha ngati Gauteng ku South Africa mu Disembala. Plate carrier ndi vesiti yokhala ndi mbale kutsogolo ndi kumbuyo: ili ndi malo ambiri omangapo matumba ndipo imachepetsa ululu, koma imatentha, ndipo BB ikagunda pa mbale mukhoza osaimva, anzanu n'kumati mukubera. Mukasankha imeneyi, ikani mbale za siponji kuti iime bwino. Mbale zenizeni zotchinga zipolopolo zimalemera makilogalamu angapo ndipo pano zilibe ntchito. M'mphepete mwa pamwamba mwa mbale yakutsogolo mukhale zala ziwiri pansi pa kadzenje ka pakhosi. Ikalendewera pamimba imakugundani m'ntchafu mukagwada. Mangani mothina moti isadumphe mukathamanga, koma muzitha kukoka mpweya wonse. Nsalu ya Cordura 500D ndi yolimba mokwanira, ya 1000D imangowonjezera kulemera. Yang'anani misoko ya pamene malamba akumana ndi thupi la vesiti, chifukwa zotchipa zimayambira pamenepo kusomphoka.

Matumba amamangidwa pa mizere ya timalamba yotchedwa MOLLE. Kalamba kalikonse ndi ka mamilimita 25 m'lifupi, pakati pa mzere ndi mzere palinso mamilimita 25, ndipo kamasokedwa pa mamilimita 38 aliwonse. Thumba la magazini imodzi ya M4 limatenga mipata iwiri, la magazini atatu limatenga isanu ndi umodzi, choncho werengani mipata musanagule. Ambiri amalakwitsa pomanga: amangopisa lamba wa thumba kuchokera pamwamba mpaka pansi pa vesiti, thumba n'kumalendewera. Kumanga kwake n'koluka ngati mkeka. Pisani lamba mumzere woyamba wa vesiti, mubwerere mumzere woyamba wa kumbuyo kwa thumba, mupitenso ku vesiti, mubwerere ku thumba, mpaka mizere ithe, kenako mutseke batani. Zala zimapweteka, pulayazi yosongoka imathandiza. Thumba lolukidwa bwino silisiyana ndi vesiti ngakhale mulikoke.

Tsopano kaikidwe. Tinene za munthu wowombera ndi dzanja lamanja, wamanzere atembenuze zonse. Dzanja lamanzere ndilo limasintha magazini, choncho magazini akhale pakati pa mimba ndi chakumanzere. Aikeni chadodolido, kukamwa kuli pansi, kuti mchenga usalowe, ndipo onse ayang'ane mbali imodzi kuti dzanja lizolowere. Kutsogolo kukhale mzere umodzi wokha wa magazini. Mukasanja mizere iwiri, pogona chafufumimba mudzakhala ngati mwagonera mtondo, mutu uli m'mwamba poonekera. Phewa lamanja likhale lopanda kanthu, chifukwa ndi pamene thako la mfuti limakhala. Thumba lotayiramo magazini otha likhale kumbuyo chakumanzere pachiuno. Wailesi ikhale kumanzere, waya wake atapisidwa m'malamba kuti asakole nthambi. Kabasitolo kakhale pachiuno kumanja, m'chimake cholimba chotseka tiriga. Zomanga pantchafu zimagwedera ndi kuzungulira mwendo mukathamanga. Pa fupa la msana pasakhale cholimba chilichonse, kuti mukagwa chagada chisakuvulazeni. Kansalu kofiira kosonyeza kuti mwawomberedwa kakhale pamene dzanja lililonse lingakasolole msanga.

Madzi musawaiwale. Thumba la madzi la kumsana la malita awiri, lokhala ndi kapaipi kodutsa paphewa lamanzere, limalola kumwa osavula magalasi. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo ndi katundu yekhayo amene sitinganene kuti muchepetse.

Zomangirira pa mfuti

Choyamba ndi lamba wa mfuti. Womangidwa malo awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, wokhala ndi kachingwe kofupikitsira msanga, amagwira mfuti pathupi mukamakwera kapena kukoka mnzanu. Wa malo amodzi amathandiza kusintha phewa m'nyumba, koma mukasiya mfuti imakumenyani m'mawondo. Utali wake ukhale woti mfuti ifike paphewa lamba asanakungike. Kokani mwamphamvu zokolowekera zake musanazikhulupirire.

AEG ya joule imodzi imafika bwino mamita 40 mpaka 60, choncho galasi lokuza kwambiri lilibe phindu. Chowunikira cha kadontho kofiira, red dot, n'chokwanira. Masiki imalepheretsa kutsitsa tsaya, ndiye ikani kachitsulo kokwezera pansi pake, ndipo kutsogolo kwake muike kagalasi kapulasitiki kotchinga, chifukwa BB imodzi imaswa galasi lake. Linganizani hop-up kaye, kadontho pambuyo. Ikani katoni pa mamita 25 kapena 30, tsamiritsani mfuti pa thumba, muwombere kasanu, muone pakati pa mabowowo, muzunguze tizitsulo ta pamwamba ndi pambali mpaka kadontho ndi mabowo zikumane.

Onani mtundu wa njanji yomangirapo zinthu pa mfuti yanu, Picatinny, M-LOK kapena KeyMod, chifukwa zomangira zake sizilowana. Tochi ndi ya m'nyumba ndi usiku, masana m'nkhalango ndi katundu chabe. Kukamwa kwa mipope yambiri kuli mazinga a mamilimita 14 otembenuka: kumanga n'kuzunguza chakumanzere, ndipo ambiri amawononga mazingawo pokakamiza chakumanja. Nthawi zina pansi pake pamakhala kasikuluwu kakang'ono koyenera kumasula kaye. Chitsulo chooneka ngati chozimitsa phokoso sichizimitsa AEG, poti phokoso lake limachokera ku mota ndi magiya. Chowalitsa BB usiku, tracer, chimafuna BB zake zowala, ndipo chikapendeka BB zimaswekeramo. Masikuluwu a pachitsulo adontheni mankhwala abuluu ogwiritsa mazinga, koma asakhudze pulasitiki. Chilichonse chomangidwa kutsogolo kwa mfuti chimalemera kawiri pofika madzulo. Pa nkhani ya wailesi, ku Britain ndi ku Ulaya za PMR446 sizifuna chiphaso, pomwe zamphamvu ngati Baofeng UV-5R zimafuna.

Yesani kunyumba, kenako nyamukani

Valani zonse, makatani atatsekedwa, mfuti ilibe batire, magazini ali opanda BB. Dumphani kakhumi mumvetsere cholira, muchimange ndi tepi kapena labala. Gwadani, gonani chafufumimba, gubuduzikani. Ikani mfuti paphewa lamanja ndi lamanzere. Tsinzinani, musolole magazini iliyonse, muilowetse, yothayo muiponye m'thumba lake. Thumba limene dzanja likulifufuza lisunthidwe. Malamba otsala apindeni n'kuwamata. Mukabwera kugemu yoyamba, chotsani chilichonse chimene simunachigwire tsiku lonse, kupatula madzi ndi bandeji.

Paulendo mfuti ikhale m'chikwama chotseka, m'buti ya galimoto, yopanda magazini ndi batire, ndipo isatulutsidwe pamsewu, pa siteshoni kapena pakhonde. Potuluka m'bwalo lowomberana, chotsani magazini, wombani kawiri kapena katatu pansi kuti BB yotsalira ituluke, tsekani sefuti, valitsani kathumba kukamwa kwa mpope ngati bwalo limafuna. M'chikwama mukhalenso makiyi a aleni, tepi, fyuzi yapadera, magalasi achiwiri ndi masokosi ouma.

Mukafika kunyumba, khuthulani magazini a mid-cap kuti sipuling'i zake zipume. Wombani AEG kamodzi kapena kawiri pa kuwombera kumodzikumodzi kuti pisitoni itsalire kutsogolo, kenako chotsani batire, chifukwa MOSFET zina zimaliyamwa pang'onopang'ono mpaka liwonongeke. LiPo lisungidwe pa 3.8V selo iliyonse, ndipo matchaja ambiri ali ndi batani la zimenezi. Potsuka mpope, masulani hop-up yonse, pisani kansalu koyera pa kandodo, mulowetse mozunguza, muime musanafike pa kalabala, mubwereze mpaka kansalu katuluke koyera. Mafuta a silikoni ndi a timalabala ta magazini a gasi, ndipo magaziniwo muwasiyire gasi pang'ono kuti timalabalato tisaume. WD-40 ndi oyilo wa galimoto zimadya labala, zisayandikire mfuti. Magalasi atsukeni ndi madzi ofunda ndi kasopo pang'ono, aume okha pamthunzi, ndipo muwasunge m'kathumba kawo kofewa, osati pamodzi ndi magazini ndi makiyi.